Galina Vishnevskaya: mafunso ndi mayankho pa moyo wake, liwu lake ndi sukulu yake ya opera

Kodi Galina Vishnevskaya anali ndani?

Anali mayi wa ku Russia woimba soprano, liwu lachikazi lokwera kwambiri, m'masewero a opera. Mu opera nthawi zambiri ochita sewero salankhula, amaimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza, gulu la oimba zida lotchedwa okestra lili m'dzenje kutsogolo kwa siteji, ndipo maikolofoni kulibe. Mayiyu anabadwira ku Leningrad, mzinda umene lero ukutchedwa St Petersburg, pa 25 Okutobala 1926, ndipo anamwalira ku Moscow pa 11 Disembala 2012 ali ndi zaka 86.

Anaimba zaka 22 ku Bolshoi, nyumba yaikulu ya opera ya ku Moscow, kuyambira 1952 mpaka 1974, m'magawo oposa 30. Akatswiri awiri opeka nyimbo, Dmitri Shostakovich wa kwawo komweko ndi Benjamin Britten wa ku England, analemba nyimbo ali ndi liwu lake m'makutu. Boma la Soviet Union linamupatsa ulemu waukulu mu 1966, boma lomwelo linamulanda unzika mu 1978. Atakalamba anatsegula sukulu ya oimba opera ku Moscow.

Nanga bwanji ena amamutchula kuti Galina Pavlovna?

Ndi mmene anthu a ku Russia amalemekezera munthu. Amatchula dzina lake loyamba pamodzi ndi dzina lochokera kwa bambo ake, ndiye Pavlovna ndiye kuti mwana wamkazi wa Pavel. Ophunzira ake ankamuitana choncho. Dzina la kwawo linali Ivanova. La Vishnevskaya analitengera kwa mwamuna wake woyamba, Georgy Vishnevsky, wa pa sitima za nkhondo. Banjalo silinachedwe kutha koma dzina linatsala. Politchula, mphamvu imagwera pakati: Vish-NYEV-ska-ya.

Anakulira kuti, ndipo nkhondo inamukhudza motani?

Makolo ake anamusiya ali wakhanda kwa agogo ake aakazi ku Kronstadt, doko la sitima za nkhondo pachilumba cha Kotlin pafupi ndi Leningrad. Asilikali a Germany anazinga Leningrad kuyambira Sepitembala 1941 mpaka Januwale 1944, masiku 872. Kumapeto kwa 1941 munthu wosagwira ntchito ankalandira magalamu 125 a buledi patsiku, kachidutswa kokwana m'chikhatho. Agogo aja anamwalira m'nyengo yozizira imeneyo, Galina n'kutsala yekha ali ndi zaka 15. Anapulumuka atalowa m'gulu la akazi oteteza mzinda, amene ankachotsa zigumukire za nyumba zophulitsidwa, kukonza mapaipi ndi kuzimitsa moto. Kumeneko ankalandira chakudya cha asilikali, madzulo n'kumaimbira oyendetsa sitima.

Mu 1944 analowa m'kagulu ka operetta koyendayenda. Operetta ndi sewero lopepuka, losakaniza kulankhula, kuimba ndi kuvina. Kaguluka kankazungulira m'matauni ophwasuka, kumasewera pafupifupi tsiku lililonse m'maholo opanda moto wootha. Woyang'anira gululo, Mark Rubin, ndiye anakhala mwamuna wake wachiwiri. Mwana wawo wamwamuna anamwalira asanakwanitse miyezi itatu.

Olemba mbiri ena amadumpha zaka za operetta ngati zochititsa manyazi. Kumeneko n'kulakwitsa. M'holo yozizira yodzaza ndi asilikali otopa, woimba akameza mawu a nyimbo kapena akangoima ngati mtengo, anthu amayamba kucheza zawo. Luso lotchula mawu momveka ndi loyenda pa siteji ngati munthu weniweni, limene anatchuka nalo ku Bolshoi, analiphunzira kumeneko.

Akuti liwu lake linawonongeka akadali mtsikana. Chinalakwika n'chiyani?

Malinga ndi buku la moyo wake limene linatuluka mu 1984, mphunzitsi wake woyamba ku Leningrad anamuphunzitsa kaimbidwe koumitsa thupi, ndipo manoti apamwamba amene ankawafika mosavuta ali mwana anasowa. Kwa zaka zingapo ankaimba ndi liwu lapakati lokha, mwakuti iye mwini ndi anthu ena anayamba kukhulupirira kuti ndi mezzo-soprano, liwu lachikazi lotsikirapo.

Kuti zimveke mmene zoterezi zimachitikira, tiyambire m'kholingo. Muli timinofu tiwiri topyapyala, mwa mkazi totalika pafupifupi sentimita imodzi ndi theka. Mpweya wochokera m'mapapo ukamadutsa pakati pake, timatseguka ndi kutseka mofulumira. Pa noti ya A imene okestra imachunira zida, timatero ka 440 pa sekondi. Pa C wapamwamba wa soprano timatero koposa ka 1,000. Kuti noti ikwere, timinofuti tiyenera kutanuka ndi kupyapyala, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha kholingo likhale lomasuka.

Vuto limayamba woimba akamakankha mpweya wochuluka kuposa umene timinofuto tingalandire. Thupi limadziteteza potseka pakhosi: tsinde la lilime limauma n'kukankhira pansi, nsagwada imalimba, mitsempha ya m'khosi imatuluka. Liwu lapakati limamveka lalikulu ndi lakuda, mphunzitsi wosamva bwino amaombera m'manja, koma pamwamba pamatsekeka. Pa soprano malo oopsa ali cha pa E, F ndi F shapu wa pamwamba pa mizere ya noti, pamene liwu limasintha magiya. Aphunzitsi amapatchula ndi mawu a Chitaliyana akuti passaggio. Woimba akanyamula kulemera kwa liwu lapansi n'kuwoloka nako pamenepa, noti imatsalira pang'ono, kenako imasweka, kenako woimbayo amayamba kuiopa, ndipo mantha amaumitsa khosi kuposa kale. Zikapitirira miyezi yambiri, timinofu tija timatupa n'kumera tizithupsa tolimba, liwu n'kumasasa m'mawa uliwonse.

Choipitsitsa n'chakuti woimba wotere amapatsidwa dzina lolakwika. Amuuza kuti ndi mezzo, amupatsa nyimbo zotsika, iye alemetsa liwu kuti afanane ndi dzinalo.

Ndani anamukonza, ndipo liwu lotere limakonzedwa bwanji?

Anali Vera Garina, gogo wa zaka pafupifupi 80 wa ku Leningrad, amene pa utsikana wake anaphunzira ku Vienna kwa woimba wotchuka Pauline Lucca. Atangomumva, anamuuza kuti si mezzo ayi, ndi soprano. Anaphunzira naye pafupifupi zaka ziwiri, ndipo Vishnevskaya ankanena mpaka ukalamba kuti popanda gogoyu sakadafika pa siteji ya opera.

Ntchito yoyamba inali ya mpweya ndi kumasula khosi, nyimbo zinabwera pambuyo. Aphunzitsi a mwambo umenewu amayamba ndi kapumidwe. Woimba amakoka mpweya mwakachetechete, mapewa osakwera, nthiti zam'munsi zikutambasukira m'mbali ndi kumsana. Dzanja likagwira m'chiuno pamwamba pang'ono limamva kutambasukako. Chovuta si kukoka koma kutulutsa: nthiti zisagwe msanga, mpweya uzituluka pang'onopang'ono ngati madzi a pampopi wotsegulidwa theka. Ophunzira ambiri akamva zoti liwu lizikhala pa mpweya amaumitsa mimba ngati akunyamula thumba la simenti, ndiye abwerera ku vuto lomwe lija.

Kenako amabwera ku lilime ndi nsagwada. Nsonga ya lilime imagona kuseri kwa mano am'munsi, ndipo chala chikakanikiza pansi pa chibwano pazikhala pofewa pamene noti ikumveka. Pakauma, lilime likugwira ntchito ya mpweya. Masewera a liwu amayambira pakati, manoti atatu kapena asanu, motsitsa, pa mavawelo opapatiza monga u ndi i, ndipo nthawi zambiri amachokera pamwamba kutsika kuti kupepuka kwa pamwamba kutsikire pansi. Amakwera theka la noti pa nthawi, ndipo pamene payamba kuuma amaima, osakakamiza. Mphindi 15 kapena 20 kangapo patsiku zimathandiza kuposa maola awiri osapuma, chifukwa minofu ikatopa imabwerera ku chizolowezi chakale.

Zimatenga miyezi, ndipo pakati pake woimba amamva ngati liwu lachepa. Ambiri amathawira pamenepa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: Vishnevskaya anapirira, manoti apamwamba anabwerera, ndipo liwu lake linatambasuka kupitirira ma okitevu awiri.

N'zoona kuti anadwala chifuwa chachikulu?

Inde, pa nthawi yomweyi ya maphunziro ake. Masiku amenewo madokotala ankachiza TB polowetsa mpweya pakati pa phapo ndi nthiti kuti phapo lodwalalo lifwape n'kupuma, ndipo ankabwereza zimenezi kwa miyezi kapena zaka. Kwa munthu wamba inali njira yopulumukira. Kwa woimba inali kutha kwa ntchito, poti liwu lonse limadalira kutambasuka kwa nthiti ndi mapapo. Iye anakana. Anachira ndi jakisoni wa streptomycin, mankhwala amene anali atangotulukiridwa mu 1943 ndipo ku Soviet Union ankapezeka movuta ndi pa mtengo wokwera kwambiri. Anachita mwayi, ndipo nkhani yake si chifukwa choti wodwala akane malangizo a kuchipatala: lero TB imachizidwa ndi mapiritsi a miyezi isanu ndi umodzi, phapo osalikhudza.

Analowa bwanji ku Bolshoi popanda pepala la ku koleji ya nyimbo?

Mu 1952 Bolshoi inkafuna achinyamata a gulu lophunzira ntchito, ndipo inayesa oimba m'mizinda ingapo. Vishnevskaya anayamba wayesedwa ku Leningrad, kenako ku Moscow, ndipo anaimba nyimbo ya m'gawo lachitatu la opera ya Verdi yotchedwa Aida, yoyamba ndi mawu akuti O patria mia. Kusankha nyimbo imeneyi kunali kulimba mtima. Chakumapeto kwake liwu limakwera pang'onopang'ono mpaka pa C wapamwamba, ndipo Verdi analemba kuti noti imeneyo iimbidwe mofewa. Kukuwa pa C n'kosavuta kwa soprano aliyense wa mphamvu. Kumufika motsitsa, okestra itachepa mwakuti palibe pobisala, kumaonetsa ngati mpweya uli m'malo mwake. Anamutenga.

Mu 1953 anaimba gawo la Tatyana mu opera ya Tchaikovsky, mu 1954 anaimba Leonore mu opera ya Beethoven yotchedwa Fidelio. Anthu awiri anamuumba kumeneko: wotsogolera okestra Alexander Melik-Pashayev, ndi wokonza masewero Boris Pokrovsky. Pepala la ku Moscow Conservatory analitenga mu 1966, ali kale katswiri wodziwika m'mayiko ambiri.

Liwu lake linali la mtundu wanji?

Linali soprano ya pakati pa yofewa ndi yamphamvu. Linkatha kuimba mtsikana wamanyazi ngati Tatyana kapena Liù wa mu opera ya Puccini yotchedwa Turandot, komanso kupyoza okestra yonse m'magawo amphamvu ngati Aida ndi Tosca. Linali lowala, lokhala ndi kakuthwa ngati ka chitsulo, ndipo ankadziwa kulisintha mtundu malinga ndi mawu a ndakatulo: kuliyeretsa mpaka kumveka ngati la mwana, kapena kulichotsa kunjenjemera konse kuti limveke lozizira.

Funso limene ambiri amafunsa ndi lakuti munthu mmodzi amamveka bwanji pamwamba pa zida 80 m'holo ya anthu pafupifupi 2,000. Si mphamvu ya mapapo yokha. Phokoso lalikulu la okestra lili pa manoti apansi ndi apakati, pamene soprano amaimba pamwamba pake, pomwe khutu la munthu limamva msanga. Komanso akamakwera amatsitsa nsagwada pang'onopang'ono kuti mphako ya m'kamwa igwirizane ndi notiyo n'kuikuza. Mtengo wake ndi wakuti pamwamba penipeni mavawelo onse amayamba kufanana ndi a, ndiye chifukwa chake mawu a oimba soprano ambiri samveka. Vishnevskaya ankabwezera zimenezi ndi makonsonanti akuthwa, otchulidwa msanga noti isanayambe.

Tinene chilungamo: m'zimbale za kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 manoti ena apamwamba ndi owawa m'khutu, ndipo pali omvera amene sakonda kaimbidwe kake ka ma opera a Chitaliyana. Mu nyimbo za Chirasha ochepa amamufika.

Chimavuta n'chiyani pa gawo la Tatyana, poti lilibe manoti okwera kwambiri?

Tatyana ndi wa mu opera ya Tchaikovsky yotchedwa Eugene Onegin, yochokera pa ndakatulo yaitali ya Pushkin. Poyamba ndi mtsikana wa kumudzi amene wakonda mlendo, ndipo usiku wonse akumulembera kalata. Chigawo cha kalatachi chimatenga mphindi zoposa khumi, woimba ali yekha pa siteji ndi tebulo, kandulo, cholembera ndi pepala. Ambiri mwa manoti ake ali pakati pa liwu, pamene okestra imamiza msanga, ndiye woimba wosazolowera amakankha, n'kufika pachimake mpweya utatha. Ayeneranso kulemba, kung'amba pepala ndi kuyendayenda osataya kugunda kwa nyimbo. Kumapeto kwa opera Tatyana ndi mkazi wa kalonga, mkulu wa asilikali, ku St Petersburg, ndipo liwu lomwelo liyenera kumveka lokhwima.

Vishnevskaya anayamba ndi gawoli ku Bolshoi mu 1953 ndipo anatsanzika nalo siteji ya opera ku Paris mu 1982. Kunja kwa dziko lake anadziwika ndi Aida ku Metropolitan Opera ya ku New York mu 1961 ndi ku Covent Garden ku London mu 1962, kenako Liù ku La Scala ku Milan mu 1964, pamodzi ndi Birgit Nilsson ndi Franco Corelli.

Rostropovich anali mwamuna wake chabe kapena ankagwiranso ntchito limodzi?

Mstislav Rostropovich anali katswiri wa chelo, chida chonga vayolini wamkulu chimene woimba amachiimika pakati pa miyendo. Anakondana ku Prague mu Meyi 1955 pa chikondwerero cha nyimbo, ndipo pasanathe sabata anali atagwirizana za banja. Anabereka ana aakazi awiri, Olga mu 1956 ndi Elena mu 1958. Pa makonsati a nyimbo za liwu ndi piyano, Rostropovich ndiye ankakhala pa piyano, nthawi zambiri osayang'ana pepala. Pambuyo pake anayamba kutsogolera okestra, ndipo zimbale zambiri za mkazi wake za m'ma 1970 anatsogolera ndi iyeyo.

Shostakovich anamulembera chiyani?

Choyamba ndi nyimbo zisanu zonyoza za mu 1960, pa ndakatulo za Sasha Chorny. Ndakatulozo zinalembedwa chikomyunizimu chisanabwere, koma aliyense akanamva kuti zikulasa za masiku amenewo. Vishnevskaya analemba kuti ndiye anapereka nzeru yowonjezera kamutu konena kuti izi ndi zithunzi za kale, kuti akuluakulu ounika nyimbo azilole. Mu 1962 Shostakovich anamukonzera za okestra nyimbo zinayi za Mussorgsky zonena za imfa.

Zokoma koposa ndi nyimbo zisanu ndi ziwiri za mu 1967 pa ndakatulo za Alexander Blok, ndipo kamangidwe kake n'koyenera kukadziwa musanamvere. Zida ndi zitatu: chelo, piyano ndi vayolini. Nyimbo yoyamba liwu lili ndi chelo yekha, yachiwiri ndi piyano yekha, yachitatu ndi vayolini yekha. Zitatu zotsatira zimatenga zida ziwiriziwiri, ndipo zonse zitatu zimakumana pa yomaliza pokha. Kwa woimba, yoyamba ndi yachitatu ndi mayeso a khutu, chifukwa palibe piyano yomugwirizira kiyi: akatsika pang'ono, aliyense amva. Poziimba koyamba ku Moscow mu Okutobala 1967, David Oistrakh anali pa vayolini, Rostropovich pa chelo, Mieczysław Weinberg pa piyano m'malo mwa Shostakovich amene anali kudwala.

Anaimbanso pa kutsegulira kwa simfoni ya nambala 14 ku Leningrad mu Sepitembala 1969, ya soprano, besi (liwu lachimuna lotsika kwambiri), zida za zingwe ndi zoomba, zigawo 11 zonse zonena za imfa. Ndiye pali opera ya Shostakovich yotchedwa Lady Macbeth of Mtsensk, imene nyuzipepala ya Pravda inainyoza mu Januwale 1936 mpaka inaletsedwa. Itabwerera yokonzedwanso pa dzina la Katerina Izmailova, Vishnevskaya anasewera ndi kuimba gawo lalikulu mu filimu yake ya 1966. Mu 1978 ku London, iye ndi mwamuna wake anajambula opera yoyambirira ija, yosadulidwa.

Bwanji sanaimbe pa kutsegulira kwa War Requiem, pamene gawo la soprano linali lake?

Britten anamumva akuimba ku Aldeburgh, tauni ya ku England kumene iye ankakhala, mu 1961. Pa nthawiyo ankalemba War Requiem, nyimbo yaikulu yotsegulira tchalitchi chatsopano cha ku Coventry, m'malo mwa chimene mabomba a Germany anaphwasula mu 1940. Anafuna oimba atatu ochokera m'mayiko amene anamenyana: Peter Pears wa ku England, Dietrich Fischer-Dieskau wa ku Germany, ndi Vishnevskaya wa ku Russia. Boma la Soviet Union, kudzera kwa nduna ya za chikhalidwe Yekaterina Furtseva, linakana kuti woimba wake aime pamodzi ndi munthu wa ku West Germany pa mwambo wotere. Pa 30 Meyi 1962 woimba m'malo mwake anali Heather Harper, amene anaphunzira gawolo m'masiku ochepa.

Anamulola kujambula chimbale ku London mu Januwale 1963, Britten mwini akutsogolera. Kumeneko kunabuka kamkangano. Mu nyimboyi amuna awiri aja amaimba ndakatulo za Chingerezi za Wilfred Owen ndi kagulu kakang'ono ka zida kutsogolo, pamene soprano amaimba mawu a Chilatini a misa ya maliro pamodzi ndi kwaya yaikulu. Choncho anamuimika m'mwamba ndi kwaya, iye n'kuona ngati amunyoza, ndipo tsiku loyamba linapita osaimba. Mawa lake anabwera n'kuimba zimene zili pa chimbale chija. Mu 1965 Britten anawalembera iye ndi mwamuna wake nyimbo zina pa ndakatulo za Pushkin, ali nawo kutchuthi ku Armenia.

Anachokeranji ku Soviet Union pamene anali ndi ulemu wonse?

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Woimba wa ku Bolshoi anali ndi nyumba yabwino ndi maulendo akunja, koma chilolezo cha ulendo uliwonse chinali m'manja mwa boma, ndipo ndalama zambiri zimene ankalipidwa kunja zinkapita ku boma.

Mu 1969 banjali linalandira wolemba mabuku Aleksandr Solzhenitsyn m'kanyumba ka pa malo awo ku Zhukovka, kunja kwa Moscow, pa nthawi imene boma linkamusaka. Amati mlendo ndi mame, koma uyu anakhala pafupifupi zaka zinayi. Solzhenitsyn atapatsidwa mphoto ya Nobel mu 1970, Rostropovich analemba kalata yomuteteza n'kuitumiza ku nyuzipepala zikuluzikulu. Sizinaisindikize, koma inatuluka kunja. Chilango chinabwera mwakachetechete: maulendo a Rostropovich anaimitsidwa, anachotsedwa pa ntchito yotsogolera ku Bolshoi, zojambula zinkathetsedwa pakati, ndipo dzina la Vishnevskaya linasiya kutchulidwa m'nyuzipepala ngakhale ankaimbabe. Mu 1974 anapempha kupita kunja kwa zaka ziwiri. Mwamuna ananyamuka mu Meyi, mkazi ndi ana mu Julayi. Mu Malichi 1978 ali ku Paris anamva pa nkhani za pa TV kuti awalanda unzika. Anawabwezera mu Januwale 1990.

Kuchokako kunamupindulira kapena kunamupweteka?

Kwa mwamuna wake kunatsegula zitseko: kuyambira 1977 mpaka 1994 anatsogolera National Symphony Orchestra ku Washington. Kwa iye kunali kutaya. Anachoka ali ndi zaka 47, msinkhu umene soprano amakhala atatsala ndi zaka zowerengeka, ndipo anasiya nyumba imene ankaidziwa ngodya iliyonse, anzake oimba nawo ndi omvera a chilankhulo chake. Woimba chelo amanyamula chida chake n'kukaimba kulikonse. Woimba opera amafuna gulu, ndipo masiku amenewo nyumba za opera za ku Ulaya ndi ku America sizinkachita ma opera a Chirasha kawirikawiri. Anaimba makonsati ambiri, anajambula zimbale, anakonzako masewero, ndipo anaphunzitsa achinyamata nyimbo za Chirasha m'maphunziro a masiku ochepa, kuphatikizapo ku Aldeburgh.

Sukulu yake ndi yotani, ndipo imasiyana bwanji ndi koleji ya nyimbo?

Galina Vishnevskaya Opera Centre inatsegulidwa mu 2002 mu msewu wa Ostozhenka ku Moscow, ndipo iye anaitsogolera mpaka imfa yake. Si ya oyamba kumene. Imatenga oimba amene amaliza kale ku koleji n'kuwasunga zaka ziwiri. Maganizo ake ndi akuti pakati pa kalasi ndi siteji pali dzenje limene ambiri amagweramo. M'kalasi wophunzira amaimba nyimbo imodzi ya mphindi zinayi, ataima pafupi ndi piyano, mphunzitsi akumugwedezera mutu. Pa siteji ayenera kuimba maola atatu atavala chovala cholemera, nyali zikumuwotcha, akugwada kapena kugona, diso lina lili pa ndodo ya wotsogolera amene ali patali, ndipo phokoso la okestra limamufika mochedwerapo. Akadikira kumva kuti alowe, wachedwa kale.

Choncho sukuluyi ili ndi holo yakeyake ya siteji ndi dzenje la okestra, ndipo ophunzira amachita ma opera athunthu pamaso pa anthu ogula matikiti. Amaphunzira gawo lonse, osati nyimbo zotchuka zokha, pamodzi ndi zilankhulo, kayendedwe ka pa siteji ndi kuvina. Gawo limaphunziridwa motsatana: mawu a sewero kuwawerenga ndi kuwalankhula mpaka amveke ngati kucheza, kenako kugunda kwa nyimbo, kenako manoti ndi woimba piyano, kenako kuloweza pamodzi ndi mawu a anzako kuti udziwe polowera, ndipo pomaliza kuyenda. Wodumpha sitepe yoyamba amadziwika msanga, chifukwa amapuma pakati pa liwu limodzi ndipo nkhope yake siisintha mnzake akamamuyankha.

Vishnevskaya sanali mphunzitsi wonyengerera. Ankamvera yekha ophunzira, ndipo ankadziwika ndi kunena mosapsatira. Munthu amene anataya manoti ake apamwamba chifukwa cha mphunzitsi, n'kuwapezanso chifukwa cha mphunzitsi wina, sakanatenga nkhani ya mpweya mwachibwana. Kuyambira 2006 sukuluyi imachititsanso mpikisano wa oimba opera ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Iye atamwalira, utsogoleri unapita kwa mwana wake Olga.

Kuimba m'Chirasha kumavuta pati kwa amene si chilankhulo chake?

Pali misampha itatu. Makonsonanti ambiri a Chirasha ali pawiri, lolimba ndi lofewa, ndipo kusiyana kwake kumasintha tanthauzo. Lofewa limatchulidwa pakati pa lilime patakwera, monga mmene ny amasiyanirana ndi n. Wachiwiri ndi vawelo ina yakuya, yotchulidwa milomo ili ngati ya i koma lilime litabwerera m'mbuyo. Oimba achilendo amaimezera kukhosi, liwu n'kutsekeka, pamene iyenera kukhalabe kutsogolo. Wachitatu ndi milu ya makonsonanti atatu kapena anayi otsatana. Amene chilankhulo chake chimatha silabo iliyonse ndi vawelo, monga Chitaliyana kapena Chichewa, amalowetsa kavawelo pakati osadziwa, ndipo kavaweloko kamadya nthawi ya noti. Mankhwala ake ndi kutalikitsa vawelo mpaka kumapeto kwenikweni kwa noti, n'kutchula mulu wonsewo mwachangu ngati chiyambi cha silabo yotsatira. Onjezani kuti o wopanda mphamvu amamveka ngati a, ndiye muyenera kudziwa pamene mphamvu ya liwu lililonse imagwera musanayambe kuloweza.

Wofuna kumumva ayambire pati?

Yambani ndi Eugene Onegin ya ku Bolshoi ya pakati pa zaka za m'ma 1950, yotsogoleredwa ndi Boris Khaikin, pamene liwu linali lanthete. Kenako War Requiem ya 1963, makamaka pamene soprano amalowa pa chigawo chotchedwa Sanctus mabelu akulira. Nyimbo za Blok zimafuna usiku wabata. Lady Macbeth ya 1978 ibwere pomaliza, poti ndi yaukali ndipo liwu lake pamenepo silifuna kukoma. Ngati mungapeze nyimbo ya Villa-Lobos yotchedwa Bachianas Brasileiras nambala 5, dziwani kuti mlakatuli Anna Akhmatova anamumva akuimba imeneyo pa wailesi ali m'chipatala mu Disembala 1961, n'kulemba ndakatulo yonena za liwu lakelo.

Zaka zake zomaliza zinali zotani?

Kuwonjezera pa sukulu, iye ndi mwamuna wake anali ndi bungwe limene analiyambitsa mu 1991 lothandiza umoyo wa ana, makamaka katemera. Ali ndi zaka pafupifupi 80 anasewera mu filimu ya Alexander Sokurov yotchedwa Alexandra, ngati gogo wopita kukaona mdzukulu wake msilikali ku Chechnya. Gawolo si loimba: ndi gogo wotopa woyenda pakati pa mahema ndi fumbi. Filimuyo inaonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu ku Cannes mu Meyi 2007, patangotha mwezi Rostropovich atamwalira pa 27 Epulo. Vishnevskaya anapitiriza kuphunzitsa ku Ostozhenka zaka zisanu zina. Anaikidwa m'manda a Novodevichy ku Moscow, pambali pa mwamuna wake.